Za mphika wosungunulira mtovu wa achimwene a ku Bangula

Achimwene, mwati mphika wamagetsi wa Lee umene malume anu anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg wasiya kutentha, ndipo usanafe unkadontha mtovu pansi, ndiye mukufunsa komwe mungagule zitsulo zosinthira. Ine ndili ku Nchalo kuno, ndili ndi mphika wa mtundu womwewo, ndimaumbira mtovu wa chavi, ukonde woponya uja, wa anzathu opha mphende ndi mlamba ku Elephant Marsh. Musathamangire kuitanitsa kanthu kunja musanadziwe chomwe chafa.

Amene akuseka kuti mukufuna kuumba zipolopolo sananame kwenikweni, chifukwa kampani ya Lee Precision ya ku Hartford, Wisconsin, inapangira miphika imeneyi anthu oumba zipolopolo ku America. Kuno kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, ndiye ngati munapezanso chikombole chake m'katundu wa malume, chimenecho musachigwiritse. Koma kudziwa mbiriyi kukuthandizani, poti zitsulo zake simudzazipeza m'sitolo za hadiweya. Zimagulitsidwa ndi a malonda a zipangizo za alenje, ndipo ku South Africa alipo.

Choyamba yang'anani pa mphikawo muwerenge kachitsulo kolembedwa. Miphika ya Lee ilipo ya 110V ndi ya 220V. Magetsi athu ndi a 230V, ofanana ndi a ku South Africa, choncho wanuwo uyenera kukhala wa 220V, komabe onetsetsani. Ine ndinapsa nazo zimenezi. Ndinatuma munthu elementi, chitsulo chija chimene chimatenthetsa mphika, anandibweretsera ya 110V, nditalumikiza inafiira kanthawi kochepa n'kuphulika, ndalama zanga n'kupita m'madzi. Waung'ono uja wolowa mtovu wa makilogalamu 4 ndi theka ndi wa mawati 500, wamkulu wa makilogalamu 9 ndi wa mawati 700.

Kenako pitani nawo kwa wokonza mawailesi aliyense amene ali ndi mita yoyezera magetsi. Ayeze chingwe kaye, makoswe athu mukuwadziwa. Akatero ayeze elementi yokha atachotsa mawaya. Ya mawati 500 pa 220V iyenera kuonetsa ma ohm pafupifupi 97. Ikaonetsa cha m'ma 24 ndiye kuti ndi ya 110V, ikangoti zii osaonetsa kanthu ndiye kuti yaduka. Nthawi zambiri elementi imakhala ili bwinobwino, vuto lili pa thermostat, kaja kali kuseri kwa kotembenuzira kutentha. Mwanena kuti nyumba yanu inalowa madzi nthawi ya Freddy mu 2023. Matope a Shire akalowa mmenemo timano take timachita dzimbiri, moto osadutsa. Wanga ndinangopala timanoto ndi sandipepala yosalala, mpaka lero ukugwira ntchito.

Elementi ikakhala kuti yafadi, imeneyo yokha pamodzi ndi thermostat ndi zimene ndingavomere kuti muitanitse. Tumani wachibale wa ku South Africa, mumutumizire chithunzi cha kachitsulo kolembedwa kaja pa WhatsApp, ndipo agule ziwiri ngati thumba likulola. Ena amapinda elementi ya sitovu kuti izungulire mphika. Zimatheka, koma ndaona zambiri zikusweka popinda, ndiye ine sindikulimbikitsani.

Kudontha kuja si nkhani yogulira chitsulo. Miphika ya Lee yotulutsira pansi imadziwika nako kulikonse. Muli kandodo kachitsulo kamene nsonga yake imatseka kabowo ka pansi, ndipo zinyalala za mtovu zikaunjikana pamenepo sikakhala bwino. Mtovu uli wosungunuka, ikani sikuludiraiva pamutu pa kandodoko muzipotokola uku ndi uku, kawirikawiri kudontha kumaleka pomwepo. Kukapitirira, khuthulani mphika, uzizire, mutulutse kandodoko, mupake nsonga yake phala lija amakanika amanolera mavavu a injini, muzikazunguza m'bowomo mpaka pasalale. Kakadyeka kotheratu, a makina osemera zitsulo ku Limbe kapena ku Ndirande akusemerani kena mukawapatsa kakaleko. Mukamakwera Thabwa nyamulani mphika wonse, kuti ayeserere pomwepo. Zogwirira za chikombole chimene mumaumbira mtovu wanu zikapsa, mmisiri wa matabwa wa pamsika pa Bangula akhoza kukusemerani, zimenezo si zotayira tulo.

Chimene chimapha miphika imeneyi ndi zomwe timaponyamo. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, zinki pa 420. Timiyala tina tomangirira ku mawilo a galimoto masiku ano ndi ta zinki, tolembedwa Zn, ndipo tikasakanikirana ndi mtovu zimakhala ngati phala la mgaiwa, kabowo n'kutsekeka. Mtovu wosasankha muziyamba mwausungunulira panja m'chitsulo china pa mbaula, muyengule zonyansa, woyera wokhawo ndiye ulowe mumphika wamagetsi. Wa m'mabatire akutha ndinausiya kalekale, muli asidi ndi zinthu zina zotulutsa mpweya wa poizoni.

Popeza mphika wanu unamira, ukakonzedwa muuyatse uli panja, inu mutatalikira, chinyezi chithe kaye. Kachidutswa konyowa kakamira mu mtovu wosungunuka, mtovuwo umathovokera kumaso. Ndi kutentha kwa kwathu kuno mu Okutobala thukuta limachita kuyenderera, ndiye ine ndimamanga kansalu pamphumi, ndimavala nsapato zotseka ndi magalasi. Ana asayandikire, mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo chitsulo chimene mwasungunuliramo chisadzabwererenso kukhitchini kwa alamu.

Mukayeza, lembani pano nambala imene mita yaonetsa. Ndili ndi thermostat yakale imene ndinachotsa pa mphika wina wobooka, ikakhala yofanana ndikupatsirani pa minibasi ya ku Nsanje.