Yankho kwa achimwene pa za mwana wathu ali ku Central

Achimwene, mwaswera bwanji. Uthenga wanu uja ndaumvera kawiri. Pepani ndachedwa kuyankha, ndimawasambitsa alamu anu, amuna anga, amene nawonso sayenda chichitireni ngozi. Ndiyankhira pagulu pompano kuti aliyense amve, chifukwa nkhaniyi si yanu nokha ayi.

Mwafunsa ziwiri. Mwati madokotala ku Central akuti mwanayu wathyoka msana pamene lole ija inamugunda pa njinga yamoto, miyendo sakuimva, ndiye kodi adzayendanso? Mwatinso ena akukuuzani kuti mumutulutse mukayesere zachikuda kumudzi.

Ndiyambe ndi yachiwiriyo chifukwa ndi imene yandisowetsa mtendere. Chonde achimwene, musamutulutse. Fupa silinagwire. Kumukweza kumbuyo kwa pikapu, msewu wa kwathu uja ndi mabampu ake, mukamaliza ndi kamtsempha komwe mwina katsalako. Abusa abwere ku wodi, apemphere pompo, palibe aletsa. Koma zomutema mphini pathupi pomwe sipakumva kanthu, ayi. Chilonda cha pamalo otero sichipola msanga. Komanso pa Central pomwepo, ku Lilongwe, pali LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo. Nthawi ya alamu anu chimenechi kunalibe. Mwana ali pamalo oyenera.

Tsono za kuyenda. Ine sindikunamizani. Fupa limatha kulumikizana, ena amawaika zitsulo. Vuto ndi mtsempha waukulu umene umadutsa mkati mwa mafupa a msana kuchokera ku ubongo. Umenewo ukaduka wonse subwerera. Ukangovulala mbali ina, munthu amatha kubwererako, ena mpaka kuyenda ndi ndodo. Masabata oyambirira pamakhala potupa, ndiye dokotala akamakana kulonjeza musati akubisa. Inu mufunseni mwachindunji kuti, adokotala, waduka wonse kapena pali patsala? Akamamva kukhudza cha kumatakoku, kapena chala cha kuphazi chikagwedera ngakhale pang'ono, mukawauze, ndi chizindikiro chabwino. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira mpaka chaka. Alamu anu ngozi yawo ya minibasi inali mu 2016 pa M1, ndipo sanayendenso. Koma ali moyo, akugulitsa pa okala pakhomo pano, ana aphunzira akuona bambo awo.

Ndiye mverani, funso la kuyenda lisiyeni kaye pambali. Chimene chimatenga anthu othyoka msana si miyendo ayi. Ndi zilonda ndi mkodzo.

Zilonda ndikuzidziwa chifukwa ndinalakwitsa ndekha. Titafika kunyumba ndinkawamvera chisoni kuwadzutsa usiku, ndinkati agone apume. Sabata isanathe ndinaona kadontho kofiira pamwamba pa matako. Ndinati ndi kutentha chabe, ndinapaka mafuta n'kumasisita. Kumeneko ndiye kunali kuononga. Pomatha mwezi panali dzenje, fungo m'nyumba monse, tinabwerera kuchipatala, ndipo chinatenga pafupifupi chaka kuti chitseke. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandipweteka. Munthu amene sakumva sadziwa kuti wagonera mbali imodzi nthawi yayitali, magazi amasiya kufika pakhungu, mnofu umayamba kufera mkati. Ndiye mumutembenuze maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Tcherani foni kuti izilira, 10 koloko, 12, 2 koloko, 4 koloko. Panopa fupa lisanagwire musamutembenuze nokha, anamwino akuonetseni, pamafunika anthu atatu kuti thupi litembenuke lonse pamodzi ngati chipika. Tsiku lililonse muyang'ane pamatako, m'mbali mwa chiuno, zidendene ndi akakolo. Pakafiira osabwerera, asagonerenso pamenepo ndipo muitane namwino. Nsalu yoyala ikhale youma, yopanda makwinya, ngakhale nyenyeswa ya chimanga isatsale. Mbaula ndi botolo la madzi otentha kutali ndi miyendo, amapsa osadziwa.

Za mkodzo, amuika paipi. Thumba lake likhale pansi nthawi zonse, paipi isapindike, ndipo azimwa madzi ambiri. Ena amachepetsa madzi poopa kuvutitsa owasamalira, koma ndiye kuitana matenda a impso. Mkodzo ukada, ukanunkha, thupi likatentha, musadikire mawa. Chinanso, ngati pathyokapo ndi cha pachifuwa kupita m'mwamba, tsiku lina akhoza kungodandaula mutu waukulu mwadzidzidzi, thukuta kumaso, nkhope kufiira. Imeneyo ndi BP yakwera, kawirikawiri chifukwa paipi yatsekeka kapena m'mimba mwauma. Mumudzutse mutu ukhale m'mwamba, mumasule zomuthina, muone paipi, muitane thandizo msanga. Zimapha zimenezo.

A fizio, aja othandiza kulimbitsa ziwalo, akabwera, gadiyani aziphunzira kupinda ndi kuongola miyendo, apo ayi imauma n'kukhota, ngakhale pa wilitcheya kukhala kumavuta. Akamayandikira kutuluka mufunse za Kachere ku Blantyre, pafupi ndi Queens. Kumeneko ndi kumene alamu anu anaphunzira kudzisamutsa okha kuchoka pabedi kupita pa wilitcheya yawo, kudzithandiza okha, kuvala okha. Anabwerako munthu wina.

Eya, ndisanaiwale, mapepala. Lipoti la polisi, nambala ya lole, lipoti la dokotala, malisiti onse ngakhale a thiransipoti, muike mu envulopu imodzi. Lamulo limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipira munthu amene yamuvulaza. Mwini lole akabwera ndi chipepeso, landirani ulemu wake, koma musasainire pepala lililonse loti nkhani yatha. Ndalama imene lero ikuoneka yambiri idzathera matewera ndi magolovesi miyezi iwiri. Ngati loya sitingamukwanitse, kuli a Legal Aid Bureau. Musachedwe nazo, milandu yotere ili ndi nthawi yake.

Tsono apa ndikulankhula ndi nonse muli pagulu pano, a ku Joni nanunso mumve. Mwezi woyamba anthu amadzaza wodi, masikono ndi Sobo mbwee. Ikafika miyezi itatu umangotsala wekha ndi beseni. Ine ndinakhalapo miyezi osagona tulo tokwanira, msana wanga unayamba kupweteka chifukwa chonyamula, geni yanga ya kaunjika inagwa, mwana wathu wamkulu anakhala teremu yonse pakhomo. Mkazi wa mwanayu ndi wamng'ono, ali ndi khanda kumsana. Sangatembenuze mwamuna 2 koloko usiku, kuyamwitsa, kuchapa, kusaka ndiwo, yekha. Tikamusiyira adzatopa, ndipo akadzatopa tidzayamba kumunena kuti alibe chikondi, pomwe olakwa ndife. Ndipo ndamva kale manong'onong'o oti ngoziyi ili ndi mwini wake. Zimenezo zithe. Zimangogawanitsa anthu pa nthawi imene tikufunika manja ambiri.

Mwanayonso mtima wake muusamale. Anali woyenda, wodyetsa banja, lero akusambitsidwa ndi anthu. Alamu anu ankatembenukira kukhoma osayankha munthu, tsiku lina anandiuza kuti bola akanafera pompo. Akadzalankhula zotero musamukalipire, musamutseke pakamwa ndi vesi. Khalani naye, mumumvere, mankhwala muwasunge patali, ndipo muwauze madokotala. Musamakambirane za iye pamutu pake ngati palibe. Zokhudza ndalama zake, njinga yake ija, mwana wake, muzimufunsa mwini wake. Pomusambitsa tsekani chitenje, ndipo amuna a pabanja pano muphunzire ntchito imeneyi, si ya amayi okha.

Ine ndibwera Loweruka ndi basi ya m'mawa, ndapeza wotsala ndi alamu anu masiku atatu. Iwonso akuti muwaimbire pa vidiyo, akufuna alankhule naye okha awiri. Pofika Lachisanu aliyense alembe pano sabata imene adzagone kuchipatala, ndipo amene ali kutali anene zimene azitumiza mwezi ndi mwezi, ngakhale zochepa, bola zosadumpha. Tiyambe ndi matiresi abwino ndi mapilo anayi.

Achimwene, usiku uno musanagone mupemphe namwino muone limodzi zidendene zake ndi kumsana. Mundiuze mmene mwapezera.