Chiliza mangani koma mitengo ya kumanda isiyeni

Anyamata athu amene ali ku Joni afunsa zinthu ziwiri, akuti asonkherana ndalama zomangira ziliza za makolo awo ndiye akufuna adule mitengo ina poti mizu imang'amba simenti, komanso ngati kungotumiza ndalama kukukwanira tsiku lolambula kumanda.

Ana anga, ziliza mangani ndithu, mwaganiza bwino. Koma nkhwangwa ayi. Mukamadzabwera pa basi mudzayang'ane pa windo kuyambira ku Dedza mpaka ku Lilongwe, minda yokhayokha mbee, ndiye pena pake kamsitu kobiriwira kali pokha, amenewo ndi manda, mkuyu, muwanga ndi masuku zatsala pamenepo basi chifukwa ngakhale wootcha makala amaopa kulowamo.

Malo aja sanangopezeka. Makolo pokhazika mudzi afumu ndiwo amaloza pogona anthu awo, mbumba iliyonse mbali yake motsata kuchikazi, ana aang'ono chakumphepete. Kale munthu timamukulunga mumphasa, mabokosiwa abwera pambuyo, ndipo pamtumbira panalibe zolemba, timadzala nkhadze n'kuikapo mbale kapena mphika wa malemuyo titaubowola. Ndiye chikumbutso chathu chinali mtengo, umva akuti ambuye ako agona kuseri kwa mkuyu uja, achemwali awo chakumiyendo. Amene anatisiya ndi njala ya 1949 ali mommo opanda dzina, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Edzi itavuta manda anadzaza mofulumira moti mizere inasokonekera, ineyo mtima umandiwawa ndikaona adzukulu akukumba n'kupeza mafupa chifukwa wodziwa malo palibenso. Mukadula mkuyu uja tilozera chani? Komanso kuno kwa Achewa dambwe limakhala kufupi ndi komweko, Gule Wamkulu yemwe a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anamulemekeza mu 2005 uja amafuna msitu wake. Ngati muzu ukuvuta chilizacho chichepetseni, kapena muike mwala wolemba dzina kumutu kokha.

Za ndalama za tsiku lolambula kumandazo tumizani, zigula ufa ndi ndiwo za ogwira ntchito, koma pakhomo panu pasasowe munthu wonyamula khasu, afumu akamawerenga mabanja amaona nkhope. Timalambula udzu ukauma, cha mu June kapena July, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Timapala mozungulira msitu wonse kuti moto ukafika uthere pomwepo, mitumbira imene inamira ndi mvula timaiunjikiranso dothi, mapepala a nkhata zakale timatola, tikamaliza timasamba m'manja tisanalowe m'mudzi.

China, musalowe kumanda nokha osauza afumu, olo muli ndi amisiri ndi matumba a simenti. Chiyambireni zoipa zija zofukula mafupa a abale athu achialubino anthu sakhulupirira aliyense, akakupezani mmenemo mosadziwika mutha kuvulazidwa musanafotokoze n'komwe. Pitani ndi malume anu kwa afumu, akupatsani munthu wokuperekezani.

Ndipo mukabwera pa holide ya December mugule kope, mutenge agogo aakazi amene akadali ndi mphamvu mupite nawo, aziloza inu muzilemba dzina, mfunda ndi mtengo umene ali pafupi nawo, mujambulenso pa foni. Kope limodzi lisale kwa afumu, lina kwa mwini mbumba.