Nyenyezi zakale kapena nyenyezi zokalamba?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Kasungu. Ndikukonza phunziro la m'Chichewa la ana a m'kalabu yathu, lonena za milalang'amba (magulu aakulu kwambiri a nyenyezi) yooneka ngati dzira imene imatulutsa ultraviolet. Ndalemba kuti "chiwerengero cha nyenyezi zakale". Kodi zikumveka? Nanga ultraviolet ndimutche chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kuwaphunzitsa ana zakumwamba m'chiyankhulo chawo. Koma mawu awiri m'chiganizo chanucho awasocheretsa.

Tiyambe ndi "zakale". Chinthu chakale chikhoza kukhala choti chinatha, monga timanenera kuti mafumu akale. Mwana akamva "nyenyezi zakale" aganiza za nyenyezi zimene zinazima. Nyenyezi mukunenazi zilipo ndipo zikuyakabe, kungoti zakhalitsa, zambiri zaka zoposa 10 biliyoni. Mawu ake ndi "zokalamba". Kukalamba n'kwa chinthu chimene chinabadwa, chinakula, ndipo chikusintha pamene chikuyandikira mapeto. Ena amakana kuti mawuwa ndi a anthu ndi ziweto basi. Ine sindigwirizana nawo, pakuti ngakhale mtengo timati wakalamba.

Nkhani yonse yagona pa kukalambako. Nyenyezi zikuluzikulu zotentha kwambiri, zooneka zabuluu, zimene zimatulutsa ultraviolet wambiri, sizichedwa kufa: zimatha m'zaka mamiliyoni ochepa chabe. Milalang'amba yonga dzira, monga M87, ili ndi mpweya wochepa wopangira nyenyezi zatsopano, n'chifukwa chake imaoneka yofiirira. Ndiye akatswiri anadabwa mu 1969 pamene satelayiti ya OAO-2 inapeza ultraviolet wambiri pakati pa mlalang'amba wa Andromeda, pamene padzaza nyenyezi zokalamba, ndipo pambuyo pake zomwezo zinaonekanso m'milalang'amba yonga dzira. Nkhalamba zingatenthe bwanji chonchi? Akatswiri ambiri lero amati ndi nyenyezi zing'onozing'ono zimene zinafufuma pokalamba, kenako n'kutaya pafupifupi chikuto chonse chakunja. Chatsala ndi chapakati chimene chikuyaka ndi heliyamu, ndipo pamwamba pake pamatentha madigiri oposa 20,000, pamene pamwamba pa dzuwa pamatentha pafupifupi 5,500. Makina oonera zakutali a Hubble anaziona nyenyezi zoterezi imodziimodzi mu M32, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi Andromeda. Mukati "zakale", chodabwitsa chonsechi ana sachimva.

"Chiwerengero" chimayankha funso loti "zingati?" Apa sitikuwerenga. Tikunena za nyenyezi zimene zinabadwa nyengo imodzi ndipo n'zopangidwa mofanana. Nenani kuti "m'badwo wa nyenyezi", kapena "gulu" ngati msinkhu wake si nkhani.

Za ultraviolet, musavutike kupeka dzina. Lisiyeni momwemo, chifukwa ana adzalipeza choncho pamayeso, koma poyamba mulifotokoze kuti ndi "cheza chosaoneka ndi maso". Ndasankha "cheza" osati "kuwala" chifukwa m'Chichewa chowala ndi chimene maso aona, ndipo "kuwala kosaoneka" kumazunguza mutu. Muwonjezere kuti n'champhamvu kuposa kuwala wamba, pakuti mitundu ya cheza chosaoneka ilipo ingapo. Anawo amachidziwa kale. Akumbutseni za owotcherera zitsulo pa Kasungu boma, mmene amatchingira nkhope ndi chigalasi chakuda, ndi mmene maso amawawira usiku ngati muli mchenga munthu akayang'anitsitsa motowo. Ndi cheza chomwechi chimene chimapsereza khungu la abale athu achialubino akasowa chipewa ndi mafuta odziteteza. Mpweya wa ozoni umatchinga chambiri kuti chisafike pansi pano, n'chifukwa chake akatswiri amachiyeza ndi makina ali mumlengalenga.

Chiganizo chanu chikhale chotere: "Milalang'amba yonga dzira ili ndi m'badwo wa nyenyezi zokalamba, koma zina mwa izo zimatentha kwambiri moti zimatulutsa cheza cha ultraviolet."

Funso: Ndili ku Mchinji. Agogo amati mlalang'amba ndi umodzi, mzere woyera uja timauona usiku m'nyengo ya chilimwe. Kodi "milalang'amba" ndi Chichewa?

Yankho: Agogo akunena zoona, dzinali linayambira pa mzere umenewo. Koma ina yofanana nawo ilipo mabiliyoni, ndipo mawuwa amachuluka ngati mtengo ndi mitengo. Wa agogowo, umene dzuwa lathu lilimo, muziutcha "mlalang'amba wathu".