Chifukwa chake chimbale cha nyimbo 40 chimakhala ndi zabwino zochepa

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji zimbale zosonkhanitsa nyimbo za EDM (nyimbo zovina zopangidwa pa kompyuta ndi makina), zija za oimba osiyanasiyana, zimakhala ndi nyimbo zisanu zokha zogwira mtima, zina zonsezo n'kumangodumpha. Makutu anu ali bwinobwino. Ine ndimaika nyimbo m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Mchinji, ndipo nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri.

Wosonkhanitsayo sangotola nyimbo iliyonse yomwe waikonda ayi. Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake, ndipo pamafunika chilolezo ndi ndalama. Nyimbo yomwe yavuta chaka chimenecho imakhala yodula, eni ake ena amakana kumene, ena amati dikirani kaye tiyambe tagulitsa tokha. Ndiye kampani yotulutsa chimbalecho imalipira zikuluzikulu zochepa, n'kuziika koyambirira, mayina ake n'kuwalemba pachikuto. Malo otsalawo imadzazamo nyimbo za oimba ake omwe, zomwe siziidyera ndalama zambiri komanso ikufuna kuzitsatsa. Zili ngati mulu wa tomato pamsika: akuluakulu pamwamba, pansi timaphwiti tokhatokha.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kudula nyimbo. Nyimbo yeniyeni ya house, mtundu umodzi wa nyimbo zovinazi, imatenga mphindi 6 kapena 7. Imayamba ndi ng'oma yokha, zida zina n'kumalowa chimodzichimodzi, pakati zonse zimakhala ziii, anthu manja m'mwamba, kenako besi n'kubwerera mwamphamvu. Kukoma kwake kuli pa kudikirako. Tsono CD imodzi imalowa mphindi pafupifupi 80, ndipo kuti mulowe nyimbo 20 (theka la chimbale cha nyimbo 40 cha ma CD awiri), iliyonse iyenera kutha pa mphindi 4. Amadula koyamba, amadula pakati, inu n'kulandira chidutswa chomwe chikufika pachimake thupi lisanatenthe n'komwe. Nyimbo zambiri zomwe mukuziti zoipa, mutazimva zathunthu pa sipika yaikulu mukhoza kusintha maganizo.

Palinso za liwiro. House imayenda pakati pa 120 ndi 128 BPM (kugunda kwa ng'oma pa mphindi imodzi), amapiano amatsika chapafupi ndi 112, drum and bass imapitirira 170. Chimbale chofuna kusangalatsa aliyense chimaunjika zonsezi malo amodzi, ndiye mwendo sudziwa kuti uponde bwanji.

Kwathu kuno vuto limawonjezeka chifukwa ambiri timakaikitsa nyimbo pa fulashi kapena memore khadi. Foda imakhala ndi dzina la chimbale chotchuka, koma mkatimo nyimbo zinatoledwa uku ndi uku, ina ya 320 kbps (muyezo wa ubwino wa mawu a fayilo; nambala ikakwera, mawu amamveka bwino), ina ya 128 kbps, ina yochotsedwa pa kanema wa YouTube. Pa foni simungamve kusiyana. Koma pa ukwati, nyimbo ya 128 kbps ikangolowa besi imakhala yopanda mnofu, mawu apamwamba amangoti swiii, ndipo ina ikabwera imachita kuboola makutu moti dzanja langa silichoka pa voliyumu. Pamenepo olakwa si oimbawo.

Ine ndimakhulupirira zimbale zomwe DJ mmodzi wasankha yekha, wasakaniza yekha, n'kuikapo dzina lake, chifukwa zikaipa manyazi ndi ake. Yesani DJ-Kicks ya kampani ya !K7 ya ku Berlin, yomwe inayamba mu 1995, kapena Global Underground ya mu 1996, kapenanso zimbale za kalabu ya fabric ya ku London zomwe zinayamba kutuluka mu 2001. Okonda deep house, kampani ya House Afrika ya ku Johannesburg siikhumudwitsa kawirikawiri. The Annual ya kampani ya Ministry of Sound ya ku London cholinga chake n'china, ndi yokumbutsa zomwe zinavuta chaka chimenecho, choncho musaiyembekezere kuti iyende ngati ulendo umodzi. Ndipotu kusanja nyimbo ndi ntchito yeniyeni: mu 2013 a Ministry of Sound anasumira Spotify, kampani yomvetserako nyimbo pa intaneti, kukhoti chifukwa cha anthu omwe ankakopera mndandanda wa zimbale zawo.

Ulendo wina musanapereke ndalama, muuzeni woika nyimboyo akuseweretsereni nyimbo ya nambala 15 ndi ya 30, pa sipika osati pa mahedifoni. Muonenso kukula kwa fayilo pa kompyuta yake. Nyimbo ya mphindi 6 ya 320 kbps imakhala pafupifupi 14 MB, ndiye mukaona ili pa 5 kapena 6 MB, muuzeni akusakireni ina.