Mwana akutsegula m'mimba, apongozi akuti ndi mano

Mwana wanga, funso lanu ndaliona. Mukuti khanda lanu la miyezi 9 layamba kutsegula m'mimba usiku wathawu, kwanu ku Budiriro, mumzinda wa Harare, anthu akunong'onezana za kolera, koma apongozi akuti ndi mano chabe, musapite nalo kukiliniki kuopa kuti mukatengako matenda enieniwo. Ndiye mwafunsa kuti mumvere ndani.

Musanapitirize kuwerenga, terekani madzi pamoto. Akawira n'kuzizira, yezani mamililita 750. Ife tinkayezera botolo lakale la chakumwa cha Mazoe lija, osati chigubu cha malita 2 chimene chadzadza m'mashopu masiku ano. Thiranimo masipuni aang'ono 6 a shuga, osaunjika ngati chulu, muziwasalaza pamwamba, kenako theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Lawani, mchere wake usapose wa misozi. Ngati muli ndi kapaketi ka ORS, mankhwala obwezera madzi m'thupi, kamene abale athu ku Malawi amati Thanzi, kameneko n'kabwino koposa, koma werengani muyeso wolembedwa papaketipo. Mapaketi ambiri amafuna lita yathunthu, musawasungunulire m'botolo la 750. Mumwetseni ndi sipuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Bere musamuletse ngakhale wina anene kuti mkaka ndiwo ukumuwonjezera. Ndipo lero lomwe, dzuwa lisanapendeke, mwanayo akaonedwe ndi anamwino. Mwina si kolera n'komwe, makanda amatsegula m'mimba ndi tizilombo tambirimbiri, koma zimenezo sizidziwika ndi maso a inu kapena a ine.

Mukaona kuti maso alowa, akulira popanda misozi, thewera lakhala louma maola ambiri osakodza, mukatsina khungu la pamimba likuchedwa kubwerera, akukana bere kapena wangoti lefuu, kapenanso chimbudzi chake chayera ngati madzi otsukira mpunga, pamenepo musadikire munthu aliyense, ngakhale bambo ake. Berekani muzipita.

Tsopano za apongozi. Ndaona ena pagulu lathu pano akuwanyoza kuti ndi mbuli, achikale. Ine ndine agogo, zidzukulu ndili nazo, ndiye ndiloleni ndiwaikire kumbuyo pang'ono.

Zimene akunenazo anaziona ndi maso awo. Ana ambiri amatseguladi m'mimba pa msinkhu womera mano. Kungoti chotsegulitsa si dzinolo. Nthawi imeneyo mwana wayamba kukwawa, nkhama zikumuyabwa, chilichonse chimene watola pansi chikupita kukamwa, wayambanso phala ndi madzi akumwa. Amayi athu anaona zinthu ziwiri zikubwera limodzi n'kuganiza kuti china chabala chinzake. Chimodzimodzi nkhani ya liwombo, limene anzathu Achishona amati nhova. Liwombo likalowa, agogo amadziwa kuti mwana ali pangozi, ndipo sanama. Limalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Kumata mankhwala pamutu kapena kutikita m'kamwa ndi mchere sikubweza madziwo. Mwana akamwa mokwanira, liwombo limadzuka lokha.

Koma ndikuganiza kuti chimene chikuwagwira mwendo apongozi anu si mano. Ndi 2008. Inu mwina munali kamtsikana ka kupulayimale, koma aliyense amene anali mayi chaka chimenecho ku Budiriro kapena ku Glen View ali ndi chipsera. Mliri wa kolera unayambira ku Chitungwiza mu Ogasiti, ndipo pofika pakati pa 2009 unali utagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno la Zimbabwe, oposa 4,000 n'kumwalira. M'mipopi munalibe madzi, zonyansa zinkayenda m'misewu, ndalama inali itasanduka mapepala. Tinkaona munthu akulowa m'matenti a odwala kolera ali pa wilibala, mawa lake n'kutuluka atakulungidwa m'pulasitiki, osasambitsidwa, osaonedwa nkhope. Kwa ife a mtundu wa ku Malawi, amene makolo athu ankasonkha ndalama m'mabungwe a maliro mwezi ndi mwezi kuti mlendo asaikidwe ngati galu m'dziko la eni, zimenezo zinatipweteka kuposa mmene achipatala ankaganizira. Ndiye m'mitima ya amayi ambiri munakhazikika kuti kutenti n'kumene anthu amafera. Chimene sitinkawerengera n'chakuti ambiri ankafika kumeneko madzi atatha kale m'thupi.

Ndikunena izi ine mwini ndinachedwa naye wanga. Chitsiriza wanga anali ndi zaka 4. Anayamba madzulo, ine n'kumati wadya mango osapsa. Ndinamupatsa mapiritsi otsala a munthu wina amene ndinkasunga m'kabati, n'kumuletsa kumwa madzi poganiza kuti akamwa ndiye atsegula kwambiri. Taonani uchitsiru wake, mwana akutha madzi ine n'kumamumana madzi! Bambo ake anali ku ntchito ya usiku, ndipo ndinkaopa kutuluka naye osawauza. Ndinkaopanso maso a anthu pamzere wa nyumba zathu, chifukwa kolera tinkaitcha matenda a uve, ndipo ine, mayi wa Mvano wovala zoyera Lachinayi lililonse, ndimveke kuti m'nyumba mwanga mwalowa kolera? Pofika m'bandakucha mwana anali atazizira manja, mawu atasasa, zala zitakwinyika ngati wachapa tsiku lonse. Mnzanga woyandikana naye nyumba ndiye anandikalipira n'kumunyamula yekha. Anamuika diripu, patapita maola ochepa anatsegula maso n'kupempha tiyi. Lero ndi bambo wa ana awiri. Usiku umodzi wokhawo ukanandilanda mwana, ndipo palibe apongozi amene anandiletsa, ndinadziletsa ndekha.

Za uvezo, zichotseni m'mutu. Mu Seputembala 2018 kolera itabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, gwero lake linali mapaipi a zonyansa ophulika amene anaipitsa mijigo ndi zitsime. Madzi ake ooneka oyera mbee, opanda fungo. Amayi aukhondo, okwecha mapoto mpaka kuwala, anamwetsa ana awo madzi amenewo chifukwa kumpopi kunali gwaa. Mu 2023 inayambira ku Chegutu mu Febuluwale, pofika Novembala inali itavuta ku Kuwadzana. Kwathu ku Malawi nakonso, mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Anthu onsewo sanali auve. Mayi angasese bwanji paipi yophulika pansi pa nthaka?

Chimene chili m'manja mwathu ndi madzi akafika pakhomo. Kaya ndi a pamjigo, kaya ndi a khonsolo ochokera kumalo oyeretsera madzi ku Morton Jaffray amene amabwera tsiku limene afuna, awiritseni kapena thiranimo mankhwala oyeretsa madzi a WaterGuard kapena Aquatabs, mudikire mphindi 30 musanamwe. Ndowa yotsegula pakamwa imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mumawiritsa bwinobwino kenako mwana wasukulu n'kuviikamo kapu pamodzi ndi zala zake. Chigubu chapakamwa pang'ono n'chabwino, mumangopungula. Ndipo paja timati chimbudzi cha khanda sichinyansa? Pa matenda awa chimapatsira ngati cha munthu wamkulu. Madzi ochapira matewera apite m'chimbudzi, osati pabwalo pamene ana amasewera, ndipo manja asambidwe ndi sopo musanagwire bere kapena sipuni. Dziwaninso kuti anthu ambiri amene tizilombo ta kolera talowa m'thupi mwawo sadwala n'komwe, amangoyenda nato n'kumatitaya kwa masiku angapo. Choncho aliyense m'nyumbamo asambe m'manja, apongozi omwe, ndipo kusambira m'beseni limodzi nonse musanadye nsima kuyambe kwaima, muzithirirana. Katemera wakumwa uja amene anaperekedwa kuno mu 2018 ndi kumayambiriro kwa 2024 amayambira mwana wa chaka chimodzi, ndiye wanuyo sanafikepo. Chomutchinjiriza chake ndi bere lanu ndi manja anu.

Nanga muwauza bwanji apongozi popanda kuyatsa moto m'banja? Musawauze kuti akunama. Munthu wolera ana mpaka kukula, mmodzi n'kukhala mwamuna wanu, simungamugonjetse ndi zimene mwawerenga pafoni. Apatseni sipuni m'manja. Nenani kuti, "Amayi, mwanayu amamwa bwino mukamamumwetsa inu, tandithandizani." Agogo akamwetsa okha n'kuona mwana akutsitsimuka, mawa ndi iwo adzakhale oyamba kuphunzitsa anzawo kumpingo. Kenako apempheni kuti akuperekezeni: "Mwina ndi manodi, koma tiyeni akamuone kuti tonse tigone tulo." Ngati mankhwala awo ndi opaka kunja kokha kapena mkanda wa m'chiuno, musalimbane nawo lero. Chokana ndi chomwetsa mwana, chopaka m'kamwa, ndi chilichonse chochedwetsa ulendo. Bambo a mwana muwaimbire foni tsopano lino, awauze okha mayi awo, pakuti mawu omwewo akachokera kwa mwana wawo amalowa msanga kusiyana ndi akachokera kwa mtengwa. Akakanabe, pitani basi. Mudzapepesa pobwera, ndipo ife amayi a pagulu pano tidzakuthandizani kupepesako.

Za mantha otengera matenda kukiliniki, kolera siuluka mumpweya ngati chimfine. Imalowa pakamwa, kudzera m'madzi, chakudya kapena manja. Mukakhala pamzere mwana ali kumsana, osagula zodyadya za panjira, n'kusamba m'manja potuluka, simutenga kanthu. Odwala kwambiri amawatumiza kuchipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road, koma ana ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo ndi mapaketi a ORS ndi mapiritsi a zinc. Zinc ameneyo mumalize masiku onse amene akuuzeni, kawirikawiri 10 mpaka 14, ngakhale mwana aoneke kuti wachira pa tsiku lachitatu. Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba a akuluakulu musamupatse, ndipo maantibayotiki ogula patakishopu asiyeni.

Tengani khadi lake la sikelo, matewera okwanira, chitenje chapadera ndi pulasitiki yoikamo zonyowa. Botolo la madzi a shuga ndi mchere likhale m'manja pamodzi ndi sipuni, muzimumwetsa muli mukombi momwemo ndi pamzere pomwe. Mukafika musakhale phee kumbuyo ngati mwana wafooka, uzani namwino pakhomo pomwe kuti wayamba liti ndipo watsegula kangati. Mukabwerako mutiuze kuti akuti chiyani.