Ku Namib yendani wapansi ndi namulondola

Mayi, mwafunsa ngati pa ulendo wanu wa ku Namibia kuli koyenera kulipira munthu wokutsogolerani wapansi m'chipululu, kapena kungozungulira pagalimoto n'kumaona nokha. Langizo langa n'lakuti mulipire namulondola, ndipo muyambire m'milu ya mchenga ya pafupi ndi tauni ya Swakopmund imene ili kugombe la nyanja, m'mamawa dzuwa lisanawombe.

Zamoyo za m'chipululu cha Namib zimabisala, moti mlendo amene ali yekha amangoona mchenga. Kugombe kumeneko mvula siifika mamilimita 20 pachaka, choncho tizilombo tambiri timadalira nkhungu imene imabwera kuchokera kunyanja ya Atlantic chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela. Namulondola wodziwa ntchito yake amawerenga timizere tosiyidwa pamchenga usiku, n'kufukula pang'onopang'ono ndi dzanja mpaka kukuonetsani nalimata wa khungu loonekera mkati, amene zala zake n'zolumikizana kuti asamire mumchenga. Amakusonyezaninso kanjoka ka mtundu wa mphiri kamene kamadzikwirira n'kusiya maso okha panja. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kachikumbu kakuda kamene kamakwera pamsonga pa mulu, n'kuzondotsa mutu kuti madontho a nkhungu otsalira pamsana pake atsikire kukamwa. Zimenezi simungazione pawindo la galimoto.

Ngati masiku akulolani, pitirirani kumpoto mukafike ku Twyfelfontein, malo amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawalemba m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2007. Kumeneko kuli zithunzi zoposa 2,000 zimene alenje akale anagoba pamiyala yofiira, monga akadyamsonga, zipembere ndi mkango wa mchira wopindika, ndipo alendo amayenda ndi anamulondola a pamalopo. Ngati munafikako ku Chongoni ku Dedza, mudzaona kusiyana kwake, pakuti kwathu anajambula ndi utoto pamene kumeneko zambiri n'zogoba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, koma mutenge juzi chifukwa m'mamawa kumazizira kwambiri. Nsapato zikhale zotseka, madzi akumwa akhale ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufuna. Chonde musachoke m'njira imene akusonyezani, makamaka pamalo a timiyala pomwe pamamera ndere, chifukwa ndere zimenezi zimakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo zikapondedwa ndi matayala, chizindikiro chake chimakhalapo zaka makumimakumi. Musanalipire, funsani kuti gululo likhala la anthu angati, popeza pachikhamu simungamve bwino zimene namulondola akufotokoza.