Kodi WHO imachita chiyani kwenikweni m'mayiko a pazilumba?

Mayi wina amene ndi namwino wandilembera kalata pa imelo. Akuti amamva kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limathandiza mayiko ang'onoang'ono a pazilumba, koma sakumvetsa kuti thandizolo ndi lotani. "Kodi limawamangira zipatala, kapena limangowapatsa ndalama? Nanga dziko la anthu ochepa chonchi lingavutike ndi chiyani?"

Mayi, funso lanu lachiwiri ndilo lili ndi yankho la loyambalo, ndiye ndiyambira pomwepo.

Dziko la Tuvalu, m'nyanja ya Pacific, lili ndi anthu pafupifupi 11,000, ochepa kuposa a m'boma la Likoma. Koma wodwala wa ku Likoma matenda akakula amatumizidwa kumtunda, ndipo kumbuyo kwake kuli unduna wonse wa zaumoyo. Ku Tuvalu chipatala ndi chimodzi, cha Princess Margaret ku Funafuti, ndipo chikalephera, wodwala amakwera ndege kupita dziko lina. Komatu dziko lotere liyenera kuchita zonse zimene dziko lalikulu limachita: kulondoloza miliri, kuyesa mankhwala ngati ndi enieni, kusunga katemera pozizira, kulemba malamulo a fodya. Akatswiri a zonsezi lingawapeze kuti? Dokotala mmodzi akasamukira ku New Zealand, nthambi yonse yatsekedwa.

Apa ndi pamene WHO imalowera. Kawirikawiri simanga zipatala, ndipo ndalama zake si zambiri monga anthu amaganizira. Chimene imapereka ndi anthu odziwa ntchito amene dziko limodzi silingawalembe palokha. Ku Suva, likulu la Fiji, kuli ofesi yake imene imatumikira mayiko ndi zigawo 21 za m'nyanja ya Pacific, pansi pa ofesi yaikulu ya chigawocho ku Manila. Katswiri mmodzi wa katemera kapena wa labotale amakhala wa mayiko onsewo.

Kuti muone mmene izi zimayendera, komanso pamene zimaperewera, tiyeni tipite ku Samoa, dziko la anthu pafupifupi 200,000.

Mu July 2018 makanda awiri anamwalira atangobayidwa katemera wa chikuku. Katemerayo analibe vuto. Anamwino awiri anamusakaniza ndi mankhwala ofooketsa minofu, otha kale ntchito, m'malo mwa madzi ake. Inu monga namwino mukudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi kuposa ine. Boma linaimitsa katemerayu kwa miyezi ingapo, makolo anachita mantha, ndipo ofalitsa mabodza okhudza katemera anapezerapo mpata. Malinga ndi WHO ndi UNICEF, ana olandira katemera wa chikuku anatsika kufika pa 31 mwa 100 alionse m'chaka chimenecho.

Chikuku chinafika kumapeto kwa 2019. Anthu oposa 5,700 anadwala, 83 anamwalira, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5. M'dziko laling'ono chonchi, palibe amene maliro amenewa sanamukhudze.

Magulu a madokotala anabwera kuchokera ku Australia, New Zealand, Britain ndi mayiko ena. Thandizo lochuluka lobwera nthawi imodzi limatha kusokoneza chipatala m'malo mochipepuza: awa afika ndi zida zosafunika, awo sadziwa wowalamula. WHO inakhala pamodzi ndi unduna wa zaumoyo wa Samoa kugawa maguluwa, uyu kuchipinda cha odwala mwakayakaya, uyu kumidzi. UNICEF inabweretsa katemera. Pa 5 ndi 6 December boma linatseka maofesi ndi misewu, ndipo banja lililonse lokhala ndi munthu wosabayidwa linapachika nsalu yofiira pakhomo kuti obaya aone polowera. Mwezi usanathe, pafupifupi 95 mwa anthu 100 oyenera katemera anali atabayidwa.

Ntchito imeneyi ndimaiyamikira, koma mtima wanga sukhazikika nayo. Chiwerengero cha 31 chija chinali chenjezo, ndipo ana anafa chifukwa mpata unasiyidwa nthawi yaitali. WHO ilibe mphamvu yokakamiza boma. Imalangiza, kuchenjeza, n'kudikira kuitanidwa. Ndikanakonda kuti mawu ake amveke mwamphamvu mu 2018 monga manja ake anaonekera mu 2019.

Zina zimene imachita sizimveka pawailesi. Mu 2019 inavomereza gulu la madokotala othandiza pangozi la dziko la Fiji, lotchedwa FEMAT, kuti lafika pa muyezo wa padziko lonse, loyamba pakati pa mayiko a pazilumba za Pacific. Cholinga chake n'chakuti namondwe akawomba, anthu asamangoyang'ana kumwamba kudikira ndege ya alendo. Inatsogoleranso ntchito yomwetsa anthu onse mankhwala a matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, mpaka Vanuatu, Niue ndi Cook Islands anatsimikizidwa mu 2016 kuti matendawa salinso vuto la dziko. Malawi anafika pamenepa mu 2020, mwa njira yomweyo. Kuno ku Africa inathandiza mayiko monga Seychelles, Mauritius, Comoros ndi Cabo Verde kugwirizana kuti azigula mankhwala pamodzi, chifukwa wogula pang'ono amalipira modula. Cabo Verde yemweyo analandira chiphaso chothetsa malungo mu January 2024.

Koma matenda amene akupha anthu ambiri pazilumbazi lero ndi shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Zakudya zambiri zimabwera pasitima, za m'zitini, zamchere ndi zamafuta, pamene madzi a m'nyanja akulowa m'minda ndi m'zitsime. Mu June 2023 nduna za mayikowa zinakumana ku Bridgetown, m'dziko la Barbados, n'kugwirizana mfundo zolimbana ndi matendawa. Apa WHO ingathandize kulemba lamulo la msonkho wa zakumwa zashuga ndi kuphunzitsa anamwino kuyeza anthu msanga, koma zimene sitima ikutsitsa padoko zili m'manja mwa amalonda ndi maboma.

Chimene chikundidetsa nkhawa, mayi, ndi ndalama. Mu January 2025 dziko la America, limene linkapereka zambiri ku WHO kuposa ena, linalengeza kuti likutuluka m'bungweli. Dziko lalikulu likhoza kulemba akatswiri ake. Tuvalu ndi Niue sangathe, ndipo munthu mmodzi akachotsedwa ntchito ku Suva, amene ataya katswiriyo ndi mayiko ambiri nthawi imodzi.